Dziko la Mphesa ku Cape: Zokaona, Zokachita ndi Zokadya

Mau okambidwa kwa alimi ndi aphunzitsi a ku Mitundu ndi ku Nathenje

M'midzi yambiri ya kwa Chiseka, kwa Chadza ndi kwa Mazengera muli mabanja amene mwana wao kapena mkamwini wao ali ku South Africa. Kale amuna ankapita ku migodi ya ku Johannesburg kudzera ku Wenela, koma masiku ano anyamata ndi asungwana ambiri amapitirira mpaka ku Cape Town, ndipo ena amaitana makolo kuti akacheze. Tsono nkhani ino ifotokoza za dera la minda ya mphesa lozungulira mzinda umenewo. Mlimi wopitako ndi maso otsegula angathe kubwerako ndi nzeru, koma wopitako ndi mmero wokha amabwera chimanja-manja.

Ulendo ndi Nyengo Yake

Ulendo wa pa basi umatsata mseu wa ku Dedza, womwe uja wopyola pa Nathenje, kuoloka Zambezi pa Tete, kupyola Zimbabwe, ndi kulowa m'South Africa pa Beitbridge. Kuchokera ku Johannesburg pamatsalanso makilomita pafupi-fupi 1,400.

Choyamba kudabwitsa mlendo ndi nyengo. Ku Cape mvula imagwa kuyambira May mpaka August, pamene kuno anthu akolola ndipo akuotha moto. Kuyambira December mpaka February, pamene kuno akupalira ndi kubandira, kumeneko kumakhala dzuwa ndi mphepo yamphamvu ya kum'mwera chakum'mawa. Mpesa umafuna zimenezi: mvula igwe masamba atayoyoka, dzuwa liwale zipatso zikamapsa, ndipo kamphepo ka kunyanja kaziziritse munda. Kuno mvula imachuluka pa nthawi imene zipatsozo zikadapsa, ndipo mphesa zikanyowa zimagwidwa nkhungu. Kuthyola mphesa kumayamba kumapeto kwa January mpaka m'March, ndiyo nthawi yabwino yokaona minda.

Zokaona

Azungu a ku Holland anafika ku Cape m'chaka cha 1652 ndi mtsogoleri wao Jan van Riebeeck, ndipo vinyo woyamba anafinyidwa pa 2 February 1659. M'chaka cha 1679 bwanamkubwa Simon van der Stel anayamba mudzi wa Stellenbosch, makilomita 50 kum'mawa kwa Cape Town. Lero ndi tauni ya nyumba zoyera zakale ndi mitengo ikulu-ikulu yotchedwa oak, ndipo mapiri ndi minda ya mphesa zaizinga.

Kwa anthu a ku Nathenje tauni imeneyi si yachilendo kweni-kweni. Kumtunda kwa mseu wa Dorp Street kuli sukulu ya ubusa imene inatsegulidwa m'chaka cha 1859. Mbusa A. C. Murray anaphunzira pamenepo asanabwere kudzayamba mishoni ya Mvera pamodzi ndi Mbusa T. C. B. Vlok m'chaka cha 1889. Mishoni ya Nkhoma, m'dziko la Mazengera, inatsatira m'chaka cha 1896. Buku Lopatulika, limene nchito yolimasulira inatsogoleredwa ndi W. H. Murray, linatuluka m'chaka cha 1922, ndipo ambiri kuno anamva za mpesa ndi moponderamo mphesa m'buku limenelo asanazione ndi maso. Ku Stellenbosch munthu amaziona zonsezo ziri poyera.

Kupitirira pang'ono kuli chigwa cha Franschhoek, kumene kunakhala anthu othawa nkhanza za chipembedzo ku France amene anafika m'chaka cha 1688. Pa mseu wa pakati pa Franschhoek ndi Paarl pali ndende imene kale inkatchedwa Victor Verster, tsopano Drakenstein. Nelson Mandela anatulukira pa chipata chake pa 11 February 1990, ndipo pamenepo anaimikapo chifanizo chake.

Mlendo asangogoma ndi nyumba zoyera, afunsenso za amene analima mindayo. Munda wa Groot Constantia, umene unayamba m'chaka cha 1685, unalimidwa ndi akapolo, monganso minda ina yambiri. Akapolowo anatengedwa ku Mozambique, ku Madagascar, ku India ndi ku zisumbu za Indonesia. Ukapolo unathetsedwa pa 1 December 1834, koma anthuwo anakakamizidwa kugwirabe nchito kwa mabwana ao mpaka 1838. Pa minda ina belu loitanira akapolo likalipo, ndipo nyumba ya Slave Lodge mu mzinda wa Cape Town imasunga mbiri yao. Pa doko la mzinda womwewo, Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, anayambitsa bungwe la anchito la I.C.U. m'chaka cha 1919.

Phiri la Table Mountain liri lathyathyathya pamwamba, ndipo nsonga yake iri mamita 1,085 kuchokera pa nyanja. Midzi ya ku Mitundu, ngakhale iri pa chidikha, iri pa msinkhu pafupi-fupi womwewo, chotero wokwera phirilo wangobwerera pa msinkhu wa kwao. Wofooka miyendo angakwere pa ngolo yoyenda pa chingwe. Ku gombe la Boulders kuli mbalame zosauluka zotchedwa penguin, zoyenda chiriri ngati anthu, ndipo ku Hermanus anamgumi amafika pafupi ndi mtunda kuyambira June mpaka November.

Zokachita

Nchito yoyamba ya mlimi ndiyo kuyenda m'mizere ndi kupenyetsetsa. Pali zinthu zitatu zoyenera kuziona bwino.

Choyamba ndi tsinde la mpesa. Pafupi ndi nthaka pali chotupa, pamene mitengo iwiri inalumikizidwa. M'chaka cha 1886 kachirombo kodya mizu kotchedwa phylloxera kanalowa m'minda ya ku Cape ndi kuiononga kwambiri. Alimi anapulumuka pomezanitsa mipesa yao pa mizu ya mipesa ya ku America, imene kachiromboko sikatha kuipha. Luso lake ndi lomwe lija alangizi amaphunzitsa kuno pa mango ndi malalanje.

Chachiwiri ndi madzi. M'minda yambiri muli timipaipi todonthetsa madzi pa tsinde peni-peni, kuti dontho lisapite pachabe. Anthu a kumeneko anaphunzira mtengo wa madzi: pa chilala cha 2018 munthu ali yense mu mzinda wa Cape Town analoledwa malita 50 okha pa tsiku. Wolima tomato kudimba ali ndi choti aphunzirepo.

Chachitatu ndi nthaka ya pakati pa mizere. Alimi ambiri saisiya yambulanda, koma amafesamo mbeu zophimbira m'nyengo ya mvula, nazigonetsa pansi kuti zisunge chinyontho ndi kuletsa kukokoloka. Mpesa umayamba kubala patapita zaka zitatu ndipo umakhala zaka makumi angapo, tsono mwini wake sangalole kuti nthaka ithawe.

Minda yambiri iri ndi chipinda cholawiramo vinyo. Mlendo amalipira, napatsidwa mitundu ingapo pang'ono-pang'ono, monga Pinotage, mtundu wa mphesa umene Abraham Perold anaupanga ku Stellenbosch m'chaka cha 1925. Pamakhala kachidebe kolavuliramo, ndipo kulavula si mwano. Wosamwa mowa asachite manyazi: apemphe madzi a mphesa osasasa, palibe angamuseke. Wofuna kusamba m'nyanja adziwe kuti si ya ku Salima ai. Madzi ake ndi amchere ndi ozizira, ndipo amakokera munthu pakati. Asambe pakati pa mbendera pokha, pamene pali alonda.

Zokadya

Nsima iripo, amaitcha pap, ndipo ufa woyera uli m'sitolo iri yonse. Ndiwo yotchuka ya kugombe ndi snoek, nsomba yaitali yaminga yofanana ndi mcheni. Amaiotcha pa makala ataipaka jamu, naidya ndi mbatata, ndipo imagulidwa pa madoko a Kalk Bay ndi Hout Bay. Bobotie ndi nyama yogaya yothira zokometsera, yophikidwa mu uvuni ndi mazira ndi mkaka pamwamba. Imadyedwa ndi mpunga wachikasu wothira mphesa zouma. Gatsby ndi buledi wamtali wodzaza ndi tchipisi ndi nyama, wokwanira anthu atatu kapena anai, ndiye bwenzi la munthu wa ndalama zochepa. M'nyengo yokolola mumapezeka mphesa zotsekemera za hanepoot ndi mabanzi a mosbolletjies, amene amatupitsidwa ndi madzi a mphesa oyamba kusasa.

Koma safunsa anadya phula. Nkhono za m'miyala ya kunyanja sizitoledwa popanda chilolezo, nthawi zina zimakhala ndi poizoni, ndipo wopezeka ndi mtundu wotchedwa perlemoen amamangidwa.

Zoti Achenjere Nazo

Vinyo ali ndi mphamvu ya 12 mpaka 14 pa 100, pamene mowa wa m'botolo uli ndi pafupi-fupi 5 pa 100. Amatsetsereka pa mmero ngati thobwa, koma tambula imodzi iposa matambula awiri a mowa.

Dziko la mphesa liri ndi bala lake. Kwa zaka mazana atatu eni minda ankalipira anchito ao gawo lina la malipiro ndi vinyo, mwambo wotchedwa dop. Lamulo linauletsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma unapitirirabe pa minda ina mpaka m'ma 1990, ndipo lamulo la mowa la 2003 linauletsanso. Zipsera zake zikalipo: derali ndi limodzi mwa madera a pa dziko lapansi kumene kumabadwa ana ambiri olumala ubongo chifukwa amai ao ankamwa ali ndi pakati. Chotero wanchito asalandire botolo m'malo mwa ndalama, ndipo mai woyembekezera asalawe mpang'ono pomwe, kaya ndi vinyo wa ku Paarl kaya ndi kachasu wa pa msika wa Mitundu. Nkhani ya malipiro inawawanso m'chaka cha 2012, pamene anchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala nchito. M'chaka chotsatira malipiro a pa tsiku anakwera kuchokera pa R69 kufika pa R105.

Chomaliza ndi mapepala. Munthu wa pasipoti ya Malawi amaloledwa kucheza masiku 30, ndipo chilolezo cha mlendo si chilolezo cha nchito. Wopyola masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka kapena zaka zingapo, ndipo wogwira nchito mobisala amaopa kukadandaula bwana akamubera. Makolo afunse za mapepala mwana asanagulitse mbuzi ndi njinga kuti apeze ya basi.

Aphunzitsi angathe kuonetsa ana malo onsewa pa mapu, ndi kuwafunsa chifukwa chake mvula ya ku Cape imagwa pamene kuno kuli chisanu. Mafumu nawonso, munthu akabwera kuchokera kumeneko, amuitane pa bwalo kuti afotokoze za mizu, za madzi ndi za nthaka zimene waona, pakuti akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.