Chikole cha Lendi ndi Amana

Abale ndi alongo m'Chisilamu, nyengo ya usipa ikafika, ambiri mwa inu mumachititsa lendi chipinda m'nyumba yomwe inunso mukulipira lendi, ndipo mumalandira chikole kwa ogula nsomba. Ndalama imeneyo si yanu. Ndi amana, ndipo Allah, mu Surat An-Nisa ndime ya 58, akutilamula kubweza amana kwa eni ake.

Ngati mlendoyo wathyola chitseko chifukwa chosasamala, itanani kalipentala atchule mtengo pamaso pa mboni ziwiri, mudulepo yokhayo. Yotsalayo m'bwezereni asanasamuke. Koma denga lodontha, kapena phaso lodyedwa ndi chiswe, si mlandu wake. Kumulanda chikole chonse poti eni nyumba akukupanikizani inuyo ndi haramu. Nkhani ya dengayo kakambiraneni ndi eni nyumbawo.