MADZI SAIWALA KHWAWA

Lero tikambirane za nyengo ya mvula, makamaka momwe imakhudzira maulendo athu ndiponso kagulidwe ka malo omangapo nyumba.

Tonse tikudziwa kuti kuno kwathu mvula imayamba cha mu Novembala ndi kuleka cha mu Epulo. Koma taganizani: kodi ndalama timazigwira liti? Ambiri timazigwira kuyambira mu Meyi, tikagulitsa fodya, soya, mtedza kapena thonje. Ndiye kuti malo timagula m'chilimwe, pamene dambo lauma gwa, khwawa lasanduka njira ya ngolo, ndipo ponseponse pakuoneka pabwino. Apa ndi pamene pagona vuto. Timagula malo titangowaona nkhope imodzi.

Zimene taona ndi maso

Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe ndi kupha anthu mazanamazana. Mu Januwale 2015 madzi anamiza midzi yambiri ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nyumba za ku Chilobwe n'kukwiririka anthu ali momwemo. Mu 2024 madzi a m'nyanja ya Malawi anakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Ambiri mwa anthu amenewa sanali osasamala ayi. Anamanga pamene anatha kupeza malo, ndipo ena anachita kugula ndi thukuta lawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Musanapereke ndalama

Choyamba, kaoneni malowo m'dzinja, mu Januwale kapena Febuluwale, mvula itagwa masiku awiri kapena atatu. Wogulitsa akamakufulumizani kuti, "Pali wina akubwera ndi ndalama mawa," inu dekhani. Malo abwino saopa kuonedwa mvula ikugwa.

Chachiwiri, ngati simungathe kudikira, werengani zizindikiro. Dothi lakuda la makande long'ambika ming'alu likukuuzani kuti pamenepo pamadikha madzi, ndipo limang'amba makoma. Bango ndi nsenjere sizikonda pouma. Zinyalala zokodwa m'nthambi za mitengo zikusonyeza pamene madzi anafika. Miyala ikuluikulu yomwazika m'munsi mwa phiri sinabwere ndi munthu. Inatsika ndi madzi, ndipo ina ikadali kumtunda. Yang'ananinso makoma a nyumba zoyandikana nazo ngati ali ndi mzere wa matope.

Chachitatu, funsani. Safunsa anadya phula. Musafunse wogulitsa yekha. Funsani agogo amene akhala pamenepo zaka zambiri, amayi otunga madzi, ndiponso anyamata a kabaza, pakuti iwowa amadziwa njira imene imaduka. Afunseni kuti: Kodi madzi anafika pati mu 2015 ndi mu 2023? Kodi zimbudzi kuno zimadzaza madzi? Kumbukirani kuti chimbudzi chikasefukira pafupi ndi chitsime, kolera ali pakhomo.

Chachinayi, tsatani malamulo. Kumudzi pitani kwa amfumu ndi mboni za mbali zonse ziwiri, ndipo zonse zilembedwe. M'tauni kafunseni kukhonsolo kapena ku ofesi ya zamalo ngati pamalopo m'pololedwa kumanga. Ndi ufulu wanu kufunsa, ndipo ndi udindo wa ogwira ntchito kumeneko kukuyankhani. Malo a m'mphepete mwa mtsinje kapena otsetsereka m'phiri amatsika mtengo pa chifukwa. Kutchipa kwake mudzalipira ndi nyumba yanu.

Nafenso ogulitsa tikhale oona. Kubisa kuti munda wako umamira, n'kuugulitsa kwa mlendo kapena kwa mayi wamasiye, ndi kuba ndithu.

Za maulendo

Mvula imene imamiza nyumba ndi yomweyo imene imadula njira. Mu 1997 madzi anakokolola njanji ndi msewu ku Chiromo, ndipo anthu a ku Makhanga anatsala akuwoloka pa bwato. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anadula msewu wa M1 ku Chikwawa. Nanga kuli bwanji timisewu tathu tafumbi?

Choncho tikonzekere. Feteleza, mbewu, simenti ndi malata tituteko mvula isanayambe, pakuti m'dzinja galimoto zimatitimira ndipo mtengo wa kabaza umakwera. Mayi woyembekezera amene amakhala tsidya la mtsinje apite msanga kukadikirira kuchipatala. Odwala amene amalandira mankhwala mwezi ndi mwezi asadikire kuti atheretu. Misonkhano ikuluikulu ndi maukwati tiziike m'miyezi youma ngati n'kotheka.

Mtsinje ukadzaza, musawoloke, ngakhale pa mlatho ngati madzi akudutsa pamwamba. Mitsinje yochokera m'mapiri imadzaza mwadzidzidzi ngakhale pamene muli inu kusakugwa mvula, ndipo kawirikawiri imaphwera pakapita maola ochepa. Ngakhale ndi ulendo wa kumaliro, dikirani. Tisaonjeze maliro ena. Ana a sukulu tiwauzenso zimenezi.

Oyenda panyanja, nyengo yanu yovuta ndi ina. Mphepo ya mwera imaomba kwambiri kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Musakwere bwato lodzaza mopitirira muyeso. Ndipo tonse tizimvera pa wailesi machenjezo a nthambi yoona zanyengo tisananyamuke.

Abale anga, mvula si mdani. Ndi imene imatidyetsa. Koma walira mvula walira matope, ndipo madzi saiwala khwawa lake ngakhale papite zaka makumi atatu.

Mafunso okambirana mu mphakati

1. Kodi m'dera lathu ndi malo ati amene amamira, ndipo ndani akumangapo tsopano?
2. Ndi njira ziti zimene zimaduka m'dzinja? Tingakonze chiyani ndi manja athu mvula isanagwe, ndipo n'chiyani chimene tikauze khansala wathu?
3. Tingawathandize bwanji anzathu amene anamanga kale pamalo oopsa?