Dzina la Yani Lidzalembedwa pa Chikalata cha Munda?

Mau amene Mlembi wa Nthambi analankhula pa msonkhano wa mamembala

 Nkhani ya lero ndi ya kalembera wa malo amene mwakhala mukumva mbiri yake. Ena ati Boma lifuna kulanda minda, ena ati mafumu achotsedwa mphamvu, enanso ati chikalata chidzatilemeretsa tonse. Tisanayankhe tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono, pakuti aka si koyamba kuti munthu wa pepala afike kuno kumapiri.

Mu 1891 Angerezi anatenga dziko lino, ndipo m'zaka zotsatira Harry Johnston anapatsa Azungu a minda, amalonda ndi amishoni zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Malo ambiri a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba anapita motero, ena atasinthidwa ndi nsalu ndi mikanda kwa mafumu amene sanaganizeko kuti nthaka ingagulidwe ngati mbuzi. M'zikalata zambiri munali mau akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasunthidwe popanda chilolezo cha Boma. Mau abwino ndithu. Koma taonani chimene chinasowa. Dzina la mwini esiteti linalembedwa, malire ake analembedwa, koma eni midzi ndi malire a minda yao sanalembedwe. Makolo athu ankalima munda zaka zingapo, nthaka ikatopa natsegula wina. Tsono tsiku limene anasuntha khasu anasanduka alendo pa nthaka ya amayi ao. Alomwe amene anadza pambuyo pake kuchokera ku Mozambique sanawerengedwe nkomwe m'mau aja.

Pamenepo panabadwa thangata. Liu limeneli kale linali la ulemu, la kuthandizana kumunda. Pa maesiteti linasanduka ntchito yokakamiza yolipirira malo okhalapo ndi msonkho, ndipo mwezi wa tikiti unkatalika monga afunira kapitao, nthawi ya dzinja pamene munda wako womwe ulira kupalira. Za John Chilembwe ndi zimene zinachitika ku Magomero mu Januwale 1915 muzidziwa. Za chipolowe cha ku Thyolo mu 1953 muzidziwanso. Sir Sidney Abrahams, amene anatumidwa kudzafufuza za malo mu 1946, analangiza kuti Boma ligule malo ogonera a m'maesiteti, ndipo ena anagulidwadi. Koma thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962, patapita zaka ngati 70 chilembedwere zikalata zija.

Palinso nkhani ya ku Lilongwe, imene itikhudza kwambiri popeza anthu akumeneko atsata kuchikazi monga ife. Potsata malamulo a 1967 minda inayezedwa, ndipo malo a banja lonse, otchedwa ndunda, analembedwa m'dzina la munthu woimirira banjalo, kawirikawiri mwamuna. Iye anaikidwa kuti asunge chabe. Koma agogo amene anamuika anamwalira, pepala linatsala, ndipo m'mabanja ena ana a woimirirayo anayamba kunena kuti malowo ndi a atate ao.

Lero nkhani yakula chifukwa tachuluka. Kalembera wa 1966 anapeza anthu ngati 4 miliyoni m'Malawi. Wa 2018 anapeza oposa 17 miliyoni, koma nthaka sinaswane. Ife a kusukulu tiwapatsa ana samu yotere: mayi ali ndi maekala 8 ndi ana aakazi 4, aliyense alandira maekala 2, aliyense wa iwo akabalanso ana aakazi 4, chidzukulu chilandira theka la ekala. Mwana wa Sitandade 4 aipeza samuyi msanga, chifukwa yankho lake amaliona kuseri kwa nyumba yao. Ntchito ya Kudzigulira Malo, kuyambira 2004 kufikira 2011, inasamutsa mabanja oposa 15,000, ena ochokera ku Thyolo ndi Mulanje kunka ku Machinga ndi Mangochi. Otsalafe tikali kugawana chimodzimodzi.

Tsono mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la malo a makolo, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 ndi kukonzedwanso mu 2022. Linati kwa gulupu aliyense kukhale komiti ya malo, gulupuyo akhale pampando, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo mwa iwo osachepera 3 akhale akazi. Munthu, kapena banja, kapena anthu angapo pamodzi, angathe kulembetsa munda ndi kulandira chikalata. Maganizo athu ndi akuti tilembetse. Taona kale kuti pa mlandu wa malo munthu wodalira kukumbukira kwa akulu agonja kwa munthu wa pepala. Koma tilembetse maso ali poyera, ndipo zokonza tiyambe tokha alendo asanafike.

Choyamba ndi dzina. Kuno munda uyenda kuchokera kwa mayi kunka kwa mwana wamkazi, ndipo ambiri a ife amuna tili pa chikamwini. Mlendo akafika pakhomo afunsa kuti mwini nyumba ndani. Bambo atuluka, namupatsa mpando, nalankhula naye, pamene mayi ali kuchitsime kapena agwada chapatali monga mwa ulemu wathu. Dzina lolembedwa likhala la amene walankhula. Pakapita zaka khumi ukwati nutha, mkamwini anyamula nkhwangwa yake monga mwa nthawi zonse, koma tsopano anyamulanso munda m'thumba la malaya. Abambo, musatiyang'ane ndi diso lofiira. Aliyense wa ife ali ndi mlongo kwao amene ali ndi mkamwini wakenso; chimene sitifuna kuti chichitikire alongo athu tisachichite kuno. Munda wa mkazi ulembedwe m'dzina la mkazi. Ngati mwamuna ndi mkazi anagula dimba ndi ndalama za nandolo wao, alembedwe onse awiri. Ndipo inu eni mbumba, atsibweni athu, ntchito yanu ndi kuima pamalire ndi kuchitira umboni. Dzina lanu lisalowe pa munda wa mlongo wanu, ngakhale ati ndi kungosungira.

Chovuta kuposa ichi ndi minda ya pinyolo. Tonse tidziwa zimene zichitika mu Febuluwale nkhokwe zikauma. Munthu apereka munda kwa mnzake wa ndalama kuti agule ufa kapena atengere mwana kuchipatala, napangana pakamwa kuti adzauombola. Chaka chipita, china chipita, wobwerekayo abzalamo nthochi ndi mango. Oyeza akadzafika adzapeza iye ali m'mundamo ndi khasu, mitengo ili kumuchitira umboni. Momwemonso minda ya anzathu ali ku Joni, ndi ya ana amasiye imene alima achibale kudikira kuti anawo akule. Eni ake sadzakhalapo tsiku limenelo, kapena adzakhalapo koma adzaopa kutsutsa wamkulu. Pangano lililonse lotere linenedwe poyera pamaso pa nyakwawa mwezi uno, ndipo lilembedwe: mwini ndani, wolima ndani, ngongole ndi zingati. Wa ndalama adzalandira ndalama zake; munda ayi.

Za malire sitichulukitsa mau. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola zulu ndi mitengo imene tinkalozera, ndipo mitsinje ina inasintha njira. Pamene chizindikiro chinapita, oyandikana agwirizane tsopano ndi kubzala nkhadze. Manda, dambo lodyetsako ziweto ndi njira ya kuchitsime zikhale za mudzi, munthu asazilowetse m'chikalata chake.

Posankha komiti, akazi atatu aja asakhale ongodzaza mpando. Tifuna amayi odziwa kuti munda uwu unali wa yani asanabadwe a nyakwawa, ndi osachita manyazi kunena. Wokongoza ndalama za katapila tisamusankhe, ngakhale adziwa kulemba bwino.

Kope la nthambi si chikalata cha Boma, koma lidzatithandiza kulankhula chimodzi tsiku la kuyeza. Loweruka m'mawa tidzayamba ndi minda ya kutsidya kwa mtsinje. Banja lililonse litumize mayi wamkulu ndi mwini mbumba, oyandikana minda adze onse, ndipo anyamata abwere ndi nthambi za nkhadze. Kope ndi cholembera tidzatenga ife.