Aritisita kapena bandidu? Mkangano wathu wa mafilimu a zigawenga



Pano tinazolowera kukamba za mtengo wa fodya, za feteleza ndi za malungo. Ndiye nditanena kuti lero ndikamba za mafilimu a zigawenga, ena munaseka. Sekani, palibe mlandu. Koma ndisanakhale pansi mumva momwe nkhani yomweyi inatsala pang'ono kuphetsa mwana wa eni, ine ndili pomwepo.

Tilipo anayi amene timakhala pansi pa mtengo wa mango kufupi ndi siteshoni Lamlungu lililonse madzulo, tikatha kumvera pulogalamu yathu. Pali ine, achimwene okonza njinga, aphunzitsi athu, ndi amayi ogulitsa mandasi. Maina sinditchula, mukuwaona akumwetulirawo. Anthu anayife timagwirizana pa zambiri, koma pa kanema ayi ndithu.

Aphunzitsi, poti ndi achikulire, amakumbukira nthawi ya Kuxa Kanema, dziko litangolandira ufulu mu 1975, pamene magalimoto ankayenda m'maboma kukaonetsa kanema pa nsalu yoyera. Enafe tinayambira m'tinyumba ta vidiyo, jenereta ikulira kuseri, makaseti atalowera pa Chiponde. Kenako kunabwera ma CD, ena omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a ku Malawi amene amathiramo nthabwala zawo. Lero filimu ili mu memori kadi, mwana akuonera pa foni atafunda bulangete, kholo osadziwa kanthu.

M'nyumba ya vidiyo mwana aliyense ankadziwa lamulo: aritisita safa, bandidu safika kumapeto. Tsono filimu ya zigawenga imasokoneza lamulo limeneli, chifukwa amene mukumuchemerera uja, bandidu ndi yemweyo. Mkangano wathu unayambira pamenepo.

Achimwene okonza njinga munthu wawo ndi Al Pacino, filimu yawo ndi Scarface ya 1983. Amati palibe wosewera wina amene angafike pamenepo. Tony Montana afika ku Miami kuchokera ku Cuba alibe ndi khobidi lomwe, atsuka mbale, kenako agulitsa mankhwala ozunguza bongo mpaka ndalama kumazinyamula m'matumba. Achimwene akamafotokoza amaimirira, sipanala ili m'manja ngati mfuti.

Aphunzitsi amati: "Achimwene, Pacino mukumunenayo ndi waphokoso. Pacino weniweni muzikamuona mu The Godfather ya 1972." Iwo amati mmenemo Pacino, amene akusewera ngati Michael Corleone, ndi mnyamata wofatsa wobwera kunkhondo, wosafuna n'komwe ntchito za bambo ake. Koma filimu ikamatha ndiye mutu wa zigawenga, akunamiza mkazi wake maso ali gwa, chitseko n'kutsekedwa mkaziyo ali kunja. Amatinso muonetsetse Marlon Brando, amene ndi bambo mufilimumo, momwe amayankhulira motsitsa mawu koma aliyense n'kumanjenjemera. Brando anapambana nayo mphoto ya Oscar.

Ine nthawi imeneyo ndinkaikira kumbuyo Denzel Washington mu Training Day ya 2001. Ndi wapolisi wamkulu koma wovunda mkati, amene akuphunzitsa wapolisi watsopano ntchito tsiku limodzi lokha. Amaseka nawe, kukugwira paphewa, kumbali akukukumbira dzenje. Nayenso anapata Oscar mu 2002. Ndinkati munthu wotere tonse tinakumanapo naye penapake, kaya ndi kuntchito, kaya ndi pachibale.

Tsiku lina tikukangana choncho, amayi a mandasi anafunsa funso limodzi: "Kodi Tony Montana wanuyo anathera kuti?" Achimwene anayamba kukanda m'mutu. Anayankha okha amayiwo: anapha mnzake wapamtima ndi manja ake, mlongo wake anafera m'nyumba mwake momwemo, iye mwini anaomberedwa kumsana n'kugwera m'thamanda. "Tsono anyamata akutchana ma Montana pamsikawa," anatero amayi, "amakumbukira mfuti ija basi. Maliro atatu aja anawaonera kuti?"

Mawu amenewa anandilasa, chifukwa ine ndili ndi yanga nkhani.

Ambiri mukuikumbukira Issakaba, filimu ya ku Nigeria imene inatchuka zedi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Sam Dede akusewera ngati Ebube, mtsogoleri wa gulu la anyamata a zikwanje amene akusaka mbava ndi achifwamba. Ali ndi mankhwala, sagwira munthu wolakwika. Ndinaionera kangapo konse, ndipo ndinkaomba m'manja pamodzi ndi anzanga.

Chaka china, nyengo yogulitsa fodya, anandibera njinga pakhomo usiku. Inali njinga yanga yokhayo, yonyamulira matumba, yopititsira odwala kuchipatala. Patapita sabata, ndili pamsika, ndinaona mnyamata akukankha njinga yakuda, chishalo chomangidwa ndi mphira ngati yanga. Sindinafunse. Ndinangokuwa kuti, "Njinga yanga iyo!" Anthu anasonkhana nthawi yomweyo. Wina anamumenya khofi, wina anatola mwala, ndipo kumbuyo ndinamva mawu akuti, "Issakaba! Issakaba!" Ena ankaseka ngati ali m'nyumba ya vidiyo. Mnyamata uja ankangoti ndi ya amalume, ndi ya amalume, magazi akutuluka m'mphuno.

Amene anamupulumutsa ndi achimwene okonza njingawa, a Scarface omwewa. Analowa pakati pa anthu, anaitembenuza njinga ija miyendo m'mwamba, anayang'ana pansi pa felemu, n'kunena kuti: "Yanu ndinaiwotcherera ndine pano. Chipsera chili kuti? Iyi si yanu." Sinali yanga ndithu. Ndinapita kwa amalume ake a mnyamatayo ndi nkhuku kukapepesa. Anandilandira, koma mnyamata uja mpaka lero tikakumana amayang'ana kumbali. Njinga yanga sinapezeke, koma chimene chimandisowetsa tulo si njingayo.

Pambuyo pake aphunzitsi anandiuza kuti Issakaba inatengera gulu lenileni la ku Nigeria lotchedwa Bakassi Boys, ndipo dzina la filimuyo ndi Bakassi yemweyo atamutembenuza. Mu 2002 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti losonyeza kuti gululo linkazunza ndi kupha anthu popanda kuwazenga mlandu. Mufilimu chikwanje sichiphonya. Pamsika chimaphonya, ndaona ndi maso angawa. Ndipo tikumbukire kuti malamulo a dziko lathu anathetsa chilango cha imfa mu 1990. Ngati khoti lenileni silipha munthu, ife ndi miyala yathu ndife ndani?

Kuyambira pamenepo anayife tinasintha kayezedwe. Kale tinkafunsa kuti wosewera ndani, waombera angati. Tsopano timafunsa funso la amayi a mandasi: mufilimu imeneyi akulira ndani, ndipo kamera yatilola kumuona? Ndi muyezo umenewu, nazi zitatu zimene tagwirizana kuti tikuuzeni mukaonere.

Yoyamba asankha aphunzitsi: Cidade de Deus ya ku Brazil, ya 2002. Ubwino wake ndi ya Chipwitikizi, ngakhale cha ku Rio de Janeiro chimathamanga, khutu lizolowere kaye. Osewera ambiri sanali akatswiri, anali achinyamata otengedwa m'makomboni osauka a mumzindamo. Leandro Firmino, amene ndi Zé Pequeno, amaopsa moti umaiwala kuti ndi sewero. Koma taonani mathero ake: amaphedwa ndi tiana tating'ono timene iye mwini anatipatsa mfuti. Amene wapulumuka ndi Buscapé, mnyamata wamantha uja wokonda kujambula zithunzi. Aphunzitsi amati m'nyumba ya vidiyo palibe mwana amene amafuna kutchedwa Buscapé, chonsecho ndiye yekha wafika pa ukulu ali ndi ntchito m'manja.

Yachiwiri asankha amayi: Tsotsi ya ku South Africa, ya 2005, imene inalandira Oscar mu 2006. Mnyamata wachifwamba wa m'makomboni a ku Johannesburg aombera mayi wina n'kumulanda galimoto, osadziwa kuti kumpando wakumbuyo kuli khanda. Amayi amati amaikonda chifukwa siiwala mayi woomberedwa uja. Timamuona m'chipatala, timamuona pa njinga ya olumala, timamuona akudikira mwana wake. Wosewera wake Presley Chweneyagae anamwalira mu 2025 ali ndi zaka 40. Ife amene abale athu ali ku Joni, filimu imeneyi timaionera mtima uli m'mwamba.

Yachitatu ndasankha ine, ndipo ndi yathu ya kuno: Resgate, ya 2019, yopangidwa ndi Mickey Fonseca. Kale akunja ankabwera kudzajambula ku Maputo n'kumati ndi kwina. Mu Blood Diamond ya 2006, misewu ina imene akuti ndi ya ku Sierra Leone ndi ya ku Maputo. Mu Resgate dziko lathu likuyankha ku dzina lake. Gil Alexandre akusewera ngati Bruno, amene watuluka kundende patatha zaka 4, akufuna kukhala bwinobwino ndi mkazi wake ndi kamwana kawo. Kenako banki ikuti ilanda nyumba chifukwa cha ngongole imene anasiya malemu mayi ake. Anzake akale alipo, akudikira, ndipo ntchito yawo ndi yoba anthu n'kumafuna dipo, zimene takhala tikumva pa wailesi kuti zimachitikira amalonda m'mizinda yathu ikuluikulu. Mawu akuti resgate amatanthauza dipo, amatanthauzanso kuwombola munthu. Mu 2020 inakhala filimu yoyamba ya ku Mozambique kulowa pa Netflix. Mathero sindikuuzani. Ndingoti aliyense amene anagonapo ndi ngongole pamutu, pamene Bruno akuganiza chochita, adzamva thukuta m'manja.

Achimwene okonza njinga sanagonje, musaganize kuti anagonja. Mpaka lero amati Pacino ndi Pacino. Koma tsopano akamabwereketsa Scarface kwa mnyamata amamuuza kuti, "Ukaonere mpaka kumapeto, mawa udzandiuze amene anatsala wamoyo."

Tsono anzanga, ndili ndi mapempho atatu.

Loyamba, mafilimu onse ndatchulawa ndi a akuluakulu. Muli magazi, muli mawu oipa. Eni nyumba za vidiyo, ena ndinu mamembala athu, chonde ana ang'onoang'ono asalowe, ndipo nthawi ya sukulu mwana wa yunifolomu abwezedwe pakhomo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Lachiwiri, makolo, mnyamata wanu akakula msinkhu woonera zimenezi, kuletsa kokha sikuthandiza, akaonera kwa anzake. Khalani naye pansi muonere limodzi, ikatha mumufunse kuti walira ndani, wapindula ndani. Mudzadabwa ndi mayankho ake.

Lachitatu, mukamva wina akukuwa kuti wakuba pamsika, kumbukirani njinga yanga. Mugwireni munthuyo ngati pakufunika kutero, koma mupite naye kwa amfumu kapena kupolisi ali wamoyo ndi mano ake onse. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pomaliza, a wapampando, ndikupempha kuti kalabu yathu ilembere a wailesi, atipatseko mphindi zochepa pa mwezi zokambirana mafilimu amene anthu akuonera m'midzi muno. Inu a ku Ngauma, a ku Cuamba ndi a ku Mandimba, tikudziwa muli ndi anu osewera amene mumawaikira kumbuyo. Lembani pa pepala dzina la filimu, wosewera wake ndi chifukwa chimene mwaikondera, mupereke kwa mlembi wathu musananyamuke. Amene akufuna kutsutsana nafe maso ndi maso, mtengo wa mango uja mukuudziwa. Mandasi mudzagula nokha.