Thovu la ku Adwa: mawu a mlendo wolemekezeka pa mwambo wopereka mphoto kwa ana a kalabu ya sayansi ku Kalingalinga



Ndisanakhale pampando ndinayamba ndazungulira matebulo onse a zoonetsa za ana. Pa tebulo lina ndapeza mabotolo atatu: madzi a pampopi, madzi a pachitsime, ndi madzi a mu ngalande ya m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata. Mwana wanga amene unatunga madziwo, nkhani yanga ya lero ndi yako, chifukwa munthu amene ndikufuna kumutchula anayambiranso pamadzi ochapira.

Ine ndinakulira ku Katete. Tikamaweta ng'ombe tinkasambira padambo dzuwa likafika paliwombo, ndipo ambiri a ife tinkakodza magazi. Panalibe wodabwa. Akuluakulu ena ankati mnyamata akatero ndiye kuti wayamba kukula. Ndinadzazindikira ndili wamkulu kuti linali likodzo, ndipo mnzanga amene ankasinza m'kalasi tsiku ndi tsiku sanali waulesi ayi, magazi ndi amene ankamuthera.

Likodzo limayenda chonchi. Wodwala akakodzera kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa, ndipo tizilombo totuluka m'mazirawo timalowa mu nkhono ya m'madzi. M'menemo timaswana, kenako timatuluka n'kumasambira. Mwana akangoponda madziwo timaboola khungu, osamva n'kuwawa komwe. Popanda nkhono, ulendo wa tizilomboti umadukira panjira.

Mu 1964, dotolo wachinyamata wa ku Ethiopia, Aklilu Lemma, atangomaliza maphunziro ake a tizilombo toyambitsa matenda pa Johns Hopkins ku America, anapita m'tauni ya Adwa kumpoto kwa dziko lawo kukafufuza za likodzo la m'matumbo, limene linali litafala kumeneko. Akuyenda m'mbali mwa mtsinje anaona chinthu chimene anthu ankachidutsa tsiku lililonse. Kumtunda nkhono zinali zamoyo, mbwee pamiyala. Kumunsi kwa pamene azimayi ankachapira, nkhono zinali zitafa. Azimayiwo sankachapira sopo wa m'sitolo. Ankasinja zipatso zouma za chitsamba chimene kwawo amachitcha endod, chimene chimachita thovu ngati sopo, ndipo agogo awo anachapira chomwecho kuyambira kalekale. Dotolo uja anatola nkhono zamoyo kumtunda, nabwera nazo kwa mayi wina, napempha kuti amuthirireko thovu la m'beseni. Posapita nthawi nkhono zija zinafa.

Makolo anzanga, taganizirani. Munthu wa madigiri a kunja, wangotsika kumene ndege, akugwada pamwala wochapira kupempha thovu kwa mayi wa kumudzi. Ambiri a ife tikaphunzira pang'ono timayamba kuyenda maso ali kumwamba. Iye anayang'ana pansi pamene pankapita madzi a zochapa.

Komatu chimene ndimamulemekezera kwambiri ndi chimene anachita pambuyo pake. Sanathamangire kumsika ndi mabotolo n'kumakuwa kuti wapeza mankhwala. Mu 1966 anakhazikitsa malo a kafukufuku pa yunivesite ya ku Addis Ababa, ndipo anayamba kuyesa: thovu lochuluka bwanji limapha nkhono, limatha mphamvu pakapita masiku angati, limachita chiyani kwa nsomba, kwa ziweto ndi kwa anthu. Anapeza kuti nsomba zing'onozing'ono nazo zimafa, ndipo sanabise. Kenako kwa zaka zisanu anthu a ku Adwa ankathira endod m'mitsinje yawo motsata muyeso. Pakati pa ana aang'ono, pamene poyamba theka anali ndi likodzo, pomaliza sanakwane ndi mmodzi yemwe pa ana khumi alionse. Mnzake Legesse Wolde-Yohannes anasonkhanitsa mitundu yambiri ya chitsambachi nasankha wamphamvu woti alimi azilima, umene umadziwika ndi nambala 44.

Njira sinali yosalala. Mankhwala ophera nkhono amene ankadziwika nthawi imeneyo, niclosamide, ankagulidwa kunja ndi ndalama zimene mayiko athu analibe. Koma kuti endod ivomerezedwe, mabungwe a dziko lonse ankafuna mayeso ena okwera mtengo, ndipo wolipira ankasowa, poti chitsamba chomera kuseri kwa nyumba palibe amene angalemere nacho. Dotolo Aklilu anayenda khomo ndi khomo zaka zoposa makumi awiri. Khomo lina linali la mzinda wathu uno. Mu 1983 akatswiri ochokera m'mayiko osiyanasiyana anakumana muno mu Lusaka kukambirana za endod, ndipo buku lotuluka pa msonkhanowo analikonza pamodzi ndi wasayansi wa kuno kwathu, a Silangwa. Chitsambachi chimamera kuno ku Zambia. Ku Zimbabwe amachitcha gopo. Mu 1989 iye ndi Legesse analandira mphoto ya Right Livelihood ku Sweden. Anamwalira mu 1997, endod isanafike pa mitsinje yonse imene iye ankaifunira. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Ana anga, ndikuchenjezeni pano pomwe: endod ndi yophera nkhono m'madzi, si yakumwa, ndipo ikalowa m'mimba ndi poizoni. Wodwala likodzo amachira ndi mapilisi a praziquantel, omwe aja anamwino amabwera nawo kusukulu. Makolo, ndikupempheni, tsiku limenelo mwana adye nsima kapena phala lokwanira asanachoke pakhomo, chifukwa mankhwalawa amavuta pamimba yopanda kanthu, ndipo musamubise kunyumba pomvera mphekesera. Likodzo si la kumudzi kokha. M'makomboni mwathu muno mvula ikagwa, ana amasambira m'maenje okumbamo miyala ndi m'timitsinje, ndipo nkhono zimatha kukhala m'madzi oima ngati amenewa. Mwana akaona magazi pokodza, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana, pitani naye kukiliniki.

Kwa inu a kalabu ndili ndi ntchito. Agogo anu amadziwa mitengo: wotsukira mano, wothamangitsa anankafumbwe m'nkhokwe, wothira pabala. Khalani nawo pansi ndi kope, lembani dzina la mtengo m'chilankhulo chawo, mbali imene amagwiritsa ntchito, ndi mmene amakonzera. Musalawe chilichonse. Bweretsani kopelo kwa aphunzitsi, ndipo aphunzitsi, yunivesite ya Zambia ili pafupi pomwepa, mtunda woyenda pansi. Kagogodeni ku dipatimenti ya zomera ndi ya mankhwala, ana awa akaone mmene mayeso enieni amachitikira. Chaka chamawa, Mulungu akalola, ndidzabwera kudzawerenga makope amenewo.

A Mkulu wa sukulu, itanani mayina. Ndipempheko kuti tiyambe ndi mwini mabotolo atatu aja.