Makiyi a server ali ndi ndani?

Mwaghona nonse! Atsikana anzathu, ndi inu amayi amene mwawaperekeza, zikomo potilandira kuno ku Kaporo. Chinkhonde chathu chathera pomwepo, mutikhululukire, tipitiriza m'Chichewa.

Ena mwa ife tinaphunzira za makompyuta ku Mzuni, ena ku MUST, ena ku MUBAS. Tili kusukulu tinkaganiza kuti ntchito yake ndi kulemba pulogalamu, kuionetsa kwa mabwana, atiwombere m'manja, basi. Inu alimi a mpunga mutiseka. Kuwokera ndi masiku ochepa chabe. Miyezi yotsatirayo ndi ya kupalira, kuyang'anira madzi, kuingitsa mbalame. Pulogalamu ya pakompyuta ndi chimodzimodzi: ntchito yeniyeni imayamba tsiku limene anthu ayamba kuidalira.

Mukukumbukira kumayambiriro kwa 2024? Nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko inasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo. Mu February, Pulezidenti Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowa mu sisitimu ndipo ankafuna dipo. Amene amafuna kukaphunzira kunja, kukalandira chithandizo, kukagula katundu, onse anangokhala. Kuno, Songwe ali pafupi chonchi, sitikufunika kukufotokozerani kuti chikalata choyendera ndi chakudya cha pakhomo. Sisitimu ikagwa, funso silikhala lakuti anaipanga mokongola ndani. Limakhala lakuti backup ili kuti, inayesedwapo liti, ndipo makiyi ali ndi ndani.

Dziko lino lili ndi mbiri yabwinonso. Mu 2001 a Baobab Health anayamba kuika makompyuta ongodina ndi chala pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, kuti azilembera odwala. Chimene chinawapatsa ulemu n'chakuti anaganizira za kuno: magetsi amathima, fumbi ndi lambiri, ndipo namwino ali ndi mzere wautali, alibe nthawi yolimbana ndi kiyibodi. Ndiye inu okulira ku Kaporo musadziderere. Mukudziwa zimene netiweki imachita mvula ikagwa, mukudziwa msewu ukadulidwa ndi madzi osefukira. Wokhala mu ofesi yozizira ku City Centre zimenezo amangozimva.

Tsopano pamene pakutipweteka. Tikalowa ntchito m'maofesiwa, mtsikana amapatsidwa chiyani? Kulemba zokambirana za msonkhano. Kuphunzitsa makasitomala. Kuyankha foni ya wodandaula. Ndi ntchito zofunika, sitikuzinyoza. Koma pasiwedi ya server imapita kwa anyamata. Mmodzi wa ife, pa kampani ina imene sitiitchula, anagwira zaka ziwiri osaloledwa kukhudza sisitimu imene anthu akugwiritsa ntchito. Akafunsa, yankho linali lokoma: "Achemwali, zimenezi zimafuna kudzuka usiku, tikukutetezani." Itakwana nthawi yosankha wotsogolera gulu, anafunsa kuti ndani anadzutsapo sisitimu itagwa. Iye analibe choyankha. Anamuteteza mpaka anam'tsekera panja, eti!

Ndiye ife tikuti: tiikeni pa ndandanda ya oitanidwa usiku. Koma osati mwaulere, ndipo osati kuti tiziyenda pa kabaza 2 koloko m'mawa. Pakhale galimoto, pakhale malipiro, pakhale laputopu ndi bandulo kuti zina tizikonzera kunyumba. Woyamwitsa angathe kusinthana ndi mnzake miyezi ingapo. Si chifukwa chom'chotsera pa ndandanda mpaka kalekale.

Ndipo muzilemba. Kope lanulanu: tsiku, chinawonongeka n'chiyani, munachita chiyani, zinatenga maola angati. Ife tinaleredwa kuti kudzitchula n'kudzikweza, ndiye timangoti "tinakonza tonse" pamene unakonza wekha anzako ali mtulo. Tsiku lokambirana za kukwezedwa, bwana sakumbukira za mu March. Kope limakumbukira.

Kwa inu amene mwafika kale pa utsogoleri, chonde, musatengere zimene munazipeza. Pasiwedi isakhale m'mutu mwa munthu mmodzi. Akadwala malungo, chipatala chonse chibwerere ku mapepala? Sisitimu ikagwa, khalani pansi mufufuze chimene chinalola cholakwacho kuti chidutse, osati kusaka woti mum'kalipire. Mukamakalipira, anthu amaphunzira kubisa, ndipo woyamba kuloza chala amakhala mtsikana watsopano uja.

Lamulo la Gender Equality la 2013 limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse. Ndi chida chathu, tichigwiritse ntchito. Koma lamulolo limawerenga mitu ya olowa pakhomo, siliwerenga amene ali ndi makiyi. Kuwerenga kumeneko tichite tokha. Lolemba mukafika ku ofesi, funsani kuti ndi anthu angati angathe kulowa mu server, ndipo mwa iwo akazi ndi angati. Yankho mutitumizire, tidzaliwerenga pa msonkhano wotsatira.