MAU A PA MSONKHANO: ZA DIMBA LA MUDZI

Makosi, Mafumu a midzi, a Pampando, ndi abale tonse a Msonkhano uno wa Ncheu: Mau athu ndi amodzi okha, ndiwo akuti mudzi uli wonse ukhale ndi dimba lace, lolimidwa ndi manja a onse.

Tidziwa tonse kuti dziko lathu silikana mbeu. Mbatatesi za ku Tsangano zidyedwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kabici, anyezi ndi matimati a pa msika wa Lizulu aimitsa magalimoto tsiku ndi tsiku. Koma cotimvetsa manyazi ndi ici, kuti pofika Januwale ndi Febuluwale, m'midzi yomweyi muli amasiye ndi nkhalamba ogona ndi njala, pakuti malo a cinyontho ali m'manja a owerengeka. Akuru athu asimba za njala ya 1949. Ambiri tinaona ya 2002. Ndipo mu 2024 mvula itadula, Boma linalengeza tsoka m'maboma 23 mwa 28. Kodi tidzadikira cimanga ca cithandizo kufikira liti?

Sitibwera ndi cinthu cacilendo ai. Makolo athu anadziwa dima: mwini munda anafulula mowa, mudzi wonse nudza ndi makasu, ndipo nchito ya mwezi inatha tsiku limodzi. Cimene tipempha ndi kuti dima lija libwerenso, koma zokolola zace zikhale za mudzi.

Pano ticenjezane. Mu 1953 Inkosi Philip Gomani II, pokana Federation, anauza anthu ace aleke kumvera malamulo a malimidwe. Boma la Atsamunda linamcotsa pa mpando, namwalira mu 1954. Masiku aja anthu anaunda mizere poopa kulipitsidwa, ndipo cinthu cokoma cinasanduka cowawa cifukwa ca cikakamizo. Tsono dimba ili lisadze ndi mkwapulo. Likhale pangano la eni mudzi okha.

Cifukwa cace tiika pamaso panu mfundo izi:

1. Mfumu ndi nduna zace apatule malo pafupi ndi madzi, nalozere malire poyera, kuti pasadzauke mlandu m'tsogolo.

2. Pasakhale kulima kufikira m'mphepete mweni mweni mwa mtsinje. Bango, nsungwi ndi mitengo zisiyidwe. Tikumbukire kuti damu la Mpira linaphwa mu 2018, anthu a kuno ndi a ku Balaka nasauka madzi.

3. Eni makola apereke ndowe, ndipo mpanda umangidwe mbuzi zisanamasulidwe.

4. Pasankhidwe anthu osunga buku, akazi ndi amuna, olemba amene anadza ku nchito ndi zimene zatuluka. Bukulo liwerengedwe pa bwalo.

5. Pogawa, gawo loyamba likhale la mbeu, laciwiri la odwala, amasiye ndi okalamba, lotsala la olima.

Ena adzati, munda wa onse ulibe mwini, udzamera thengo. Mauwa sali opanda pace. Koma ulesi ubisala kumene kulibe kuwerenga. Pamene maina aitanidwa pa bwalo, ndani adzafuna kumveka kuti anadya osalima?

Makosi ndi Mafumu, nthaka iri m'manja mwanu, makasu ali m'manja mwathu. Tipempha kuti mvula ikakata, mudzi uli wonse ukhale utaloza malo ace, kuti pa msonkhano ukudzawo tidzamve maina a midzi imene yayamba.